Ngati chipulumutso n'chaulere, tivutikiranji kukhala oyera?

Funso lochokera kwa mayi wina wa ku Chinamwali:

"Abusa, ine ndimagulitsa mpunga mumsika waukulu wa Zomba, ndipo ndine wa Mvano. Ndili mtsikana ndidadulidwapo mumpingo chifukwa cha mimba yapathengo. Ndidalowa kalasi, ndidabwezedwa, koma mpaka lero mgonero ukamayandikira mtima umandigunda, ndimaona ngati Mulungu akadandisungirabe mlandu. Mwana amene ndidabereka nthawi imeneyo pano ali ku yunivesite, akukhala ku Chikanda. Adalowa feloshipu ina kumene amawaphunzitsa kuti Yesu adakhululuka kale machimo onse, adzulo, alero ndi amawa, choncho kulapa n'kunyoza mtanda. Akukhala ndi mtsikana osakwatirana, ndipo ndikamudzudzula amati, 'Amayi, inu muli pansi pa chilamulo, ine ndili pansi pa chisomo.' Ndimasowa chomuyankha. Ngati chipulumutso n'chaulere, tivutikiranji kukhala oyera? Nanga ngati kuyera n'kofunika, ulere wake uli pati?"

Yankho:

Mayi, zikomo kwambiri chifukwa cholemba mosabisa mawu. Funso lanuli ndi lakale ngati mpingo womwe. Paulo adakumana nalo, ndipo adalilemba m'kalata yake kwa Aroma mutu 6: kodi tikhalebe mu uchimo kuti chisomo chichuluke? Adayankha ndi mawu awiri okha: "Msatero ayi." Koma inu mawu awiri sakukwanirani, chifukwa m'kalata yanuyi muli anthu awiri ovutika, ndipo ndikufuna ndiyankhule za onse.

Mukamakangana pakhonde mumaoneka ngati wina ali tsidya lino la Likangala, wina tsidya lija. Ine ndikuona kuti mwapunthwa pa mwala umodzi. Nonse mukuchiyesa chisomo chofufutira mlandu, basi. Inu mukuopa kuti mlandu wanu sudafufutike bwinobwino, padatsala kachidontho. Mwana wanu akuti poti udafufutika, nkhani yathera pomwepo. Chimene nonse simukuchiona n'chakuti chisomo chimene chimakhululukira munthu ndi chomwecho chimene chimamulera.

Tiyambe ndi liwu lenilenilo, chifukwa m'Chichewa lili ndi mbiri yake. Munthu akatuluka wamoyo m'minibasi yogubuduzika timati "ndi chisomo." Mnzanu wa benchi loyandikana akatha thumba lonse la mpunga wa faya dzuwa lisanafike paliwombo, inu mutangogulitsako mbale zitatu, anthu amati mayi uja ali ndi chisomo. Tikamayankhula chonchi chisomo chimayandikana ndi mwayi, ndipo mwayi ulibe nkhope. Umangokugwera, sukudziwa dzina, sufuna kanthu kwa iwe. Amene adamasulira Buku Lopatulika, lomwe lidatuluka lathunthu mu 1922, adatenga liwu limeneli kuti linyamule liwu la Chigiriki lakuti charis, ndipo lidamera mizu mpaka tidayamba kutcha nalo ana athu. Abale athu Akatolika adasankha liwu lina: popemphera Tikuoneni Maria amanena za "chaulere." Buku Loyera la mu 1998 m'malo ambiri limati "kukoma mtima" kwa Mulungu. Ine ndimakonda kuwaika pamphasa imodzi mawu atatuwa. Chaulere chimatikumbutsa kuti palibe malipiro. Kukoma mtima kumatikumbutsa kuti mphatsoyo ili ndi mwini wake, ndipo mwiniyo ali ndi mtima, wakuyang'ana iwe n'kukufuna. Chisomo cha m'Baibulo ndi Mulungu mwini kutembenukira kwa munthu wosayenera, n'kumuuza kuti, "Bwera kwathu."

Ulere umenewu ife umativuta kuukhulupirira, ndipo sindikudabwa. Tidazolowera kunena kuti zaulere zinatha. Wandale akakupatsa nsalu amafuna voti, wa katapila akakusekerera lero mawa abwera kudzanyamula wailesi. Choncho mtima ukamva kuti Mulungu wapereka osalipiritsa, umayamba kufufuza pamene pabisika ngongole. Koma Aefeso 2:8-9 sasiya mpata. Akuti mudapulumutsidwa ndi chisomo mwa chikhulupiriro, ndipo zimenezi sizichokera kwa inu, ndi mphatso ya Mulungu. Sizichokera ku ntchito, kuti wina asadzitamande. Pamenepa mwana wanu akunena zoona, ndipo musamutsutse. Miyezi yanu ya kalasi siidagule chikhululukiro. Yunifolomu ya Mvano siichigula, chakhumi sichichigula, ngakhale yanga kolala ya ubusa siichigula.

Koma mumupemphe awerenge ndime yotsatira, ya 10, imene ambiri amaidumpha. Paulo yemweyo, asanapume n'komwe, akuti ndife chipango cha Mulungu, olengedwa mwa Khristu Yesu kuti tichite ntchito zabwino zimene Mulungu adakonzeratu kuti tiyende m'menemo. Ndime ya 9 yakana ntchito ngati malipiro, ya 10 yazibweretsa ngati cholinga. Ntchito zake ndi zomwezo, chimene chasintha ndi malo ake pamzere. Ndipo mukatsegula maso mudzaona kuti Baibulo lonse limayenda mwa dongosolo limeneli. Malamulo khumi sayamba ndi lamulo. Eksodo 20 amayamba ndi mawu akuti Ine ndine Yehova Mulungu wako amene ndidakutulutsa m'dziko la Ejipito. Aisraele adayamba awoloka nyanja, malamulo adawapeza ali kale mfulu. Zakeyu sadauzidwe kuti ayambe wabweza zimene adabera anthu kenako Yesu abwere kwawo. Yesu adadziitana yekha kunyumba kwake munthuyo akadali m'mkuyu, akadali wamsonkho wodyera anthu, ndipo anthu adang'ung'udza. Ali m'nyumbamo ndi pamene Zakeyu adaimirira n'kulonjeza kupereka theka la chuma chake kwa osauka ndi kubwezera kanayi aliyense amene adamulanda. Mkazi uja adagwidwa m'chigololo pa Yohane 8 adayamba wamva kuti "Inenso sindikutsutsa iwe," kenako ndi pamene adamva kuti apite, asakachimwenso. Inu mwakhala zaka zonsezi mukumva gawo lachiwiri lokha. Mwana wanu akumva loyamba lokha. Yesu adanena onse awiri kwa munthu mmodzi, ndipo adayamba ndi loyambalo.

Pali ndime ina imene ndimafuna Mkhristu aliyense aidziwe pamtima, Tito 2:11-12. Imati chisomo cha Mulungu chaoneka, chopulumutsa anthu, ndipo chikutiphunzitsa kukana chisapembedzo ndi zilakolako za dziko, kuti tikhale odziletsa, olungama ndi opembedza m'nthawi ino. Taonani amene akuphunzitsayo: ndi chisomo. Ndipo liwu la Chigiriki limene lili pamenepo silinena za mphunzitsi woima pabolodi. Ndi liwu la kulera mwana, kumulangiza, kumuwongola, nthawi zina kumukalipira.

Inu mukudziwa mmene zimakhalira mukatenga mwana wamasiye wa m'bale wanu. Tsiku limene wafika ndi kajumbo kake ka zovala, ndi mwana wa m'nyumbamo kale. Adya m'mbale imodzi ndi ana anu usiku womwewo, asanasese pabwalo ngakhale kamodzi. Sadagule malowo ndipo sangawagule. Koma mwina wafika ndi makhalidwe a kumene adachokera: amabisa nsima m'thumba poopa kuti mawa sadya, amanama akalakwa poopa kumenyedwa, amatukwana. Kodi mumamusiya chomwecho chifukwa mudamulandira mwaulere? Ayi ndithu. Mumamuphunzitsa kusamba m'manja, kulonjera akulu, kunena zoona, ndipo zimatenga zaka. Kumusiya osamulera kungaonetse kuti simudamuyese wanu. Tsopano taganizani mwana wotere m'njira ziwiri. Wina amasesa, kutunga madzi ndi kutsuka mbale ali ndi mantha, akuganiza kuti tsiku limene adzaswe kapu adzathamangitsidwa. Mwana ameneyu amamvetsa chisoni mayi womulera, chifukwa sakukhulupirira chikondi chimene wapatsidwa. Wina amati, "Poti adanditenga okha, sangandithamangitse," n'kumaba ndalama za pamsika ndi kugona kunja. Uyunso amamvetsa chisoni, chifukwa akufuna denga la nyumbayo koma sakufuna mwini wake. Mayi, ndikunena mwachikondi: woyambayo ndinu, wachiwiriyo ndi mwana wanu.

Mkangano wanu wa pakhondewu udagwedezapo mpingo wonse, ndipo gawo lalikulu lidachitikira kuno ku Africa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 400 kudali munthu wochokera ku Britain, dzina lake Pelagius, amene adakhumudwa ndi moyo wotayirira wa Akhristu a ku Rome. Ankaphunzitsa kuti Mulungu sangalamule chimene munthu sangathe, choncho wolimbikira atha kukhala wopanda tchimo ndi mphamvu zimene adabadwa nazo. Amene adamutsutsa kwambiri ndi Augustine, bishopu wa ku Hippo, m'dziko lomwe lero ndi Algeria. Augustine ankaudziwa mtima wa munthu chifukwa ankaudziwa wake. Asanabatizidwe mu 387 adakhala zaka zoposa khumi ndi mkazi wosamukwatira, adabereka naye mwana, ndipo mayi ake, Monica, adamulirira ndi kumupempherera nthawi yonseyo. Ndatchula izi dala kuti mudziwe kuti simuli woyamba. Pemphero la Augustine limene lidamukwiyitsa Pelagius lidali lopempha Mulungu kuti apatse chimene akulamula, kenako alamule chimene afuna. Msonkhano wa mabishopu ku Carthage mu 418 udakana chiphunzitso cha Pelagius. Koma taonani bwino: Augustine sadanene kuti kuyera n'kosafunika. Adati munthu sangakupange yekha, ayenera kupatsidwa.

Patapita zaka zoposa chikwi nkhaniyi idaphulikanso pa nthawi ya Martin Luther, amene adatsutsa ziphunzitso zina za mpingo wa Katolika kuyambira mu 1517, ndipo Akatolika adayankha pa msonkhano wa ku Trent mu 1547. Kusiyana kudalipo ndipo kwina kukadalipo. Ife a mipingo ya chikonzedwe, monga ya Chipresibeteriya, timasiyanitsa kulungamitsidwa, kumene kuli kuyesedwa wolungama pamaso pa Mulungu chifukwa cha Khristu, ndi kuyeretsedwa, kumene kuli kusinthika kwa moyo. Akatolika amakonda kuziona ziwirizi ngati ntchito imodzi ya chaulere cha Mulungu m'kati mwa munthu. Koma pa 31 Okutobala 1999, mumzinda wa Augsburg ku Germany, Akatolika ndi Alutherani adasaina chikalata chovomerezana kuti timalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito ya Khristu osati chifukwa cha kuyenera kwathu, ndipo timalandira Mzimu Woyera amene amakonzanso mitima yathu ndi kutiitanira ku ntchito zabwino. Amethodisti adavomereza nawo mu 2006, bungwe la mipingo ya chikonzedwe padziko lonse mu 2017. Muno mu Zomba muli sukulu ya ubusa ya Zomba Theological komanso seminale ya St Peter's. Mutakafunsa aphunzitsi a mbali zonse ziwiri, angasiyane pa zambiri, koma simudzapeza wonena kuti chikhululukiro chimagulidwa, kapena wonena kuti wokhululukidwa akhale mmene afunira.

Katekisimu wamfupi wa Westminster wa mu 1647, amene mipingo ya Chipresibeteriya idatengera kwa makolo ake a ku Scotland, ali ndi kanthu kamene ndimakakonda kwambiri. Akamafotokoza kulungamitsidwa amati ndi chochita cha chisomo chaulere cha Mulungu. Akamafotokoza kuyeretsedwa amati ndi ntchito ya chisomo chaulere cha Mulungu. Choyamba chimachitika kamodzi, chachiwiri chimatenga moyo wonse, koma gwero lake ndi limodzi. Ambiri tidakula tikuganiza kuti Mulungu adachita mbali yake pamtanda, ndiye kuyera ndi mbali yathu yobwezera. Apa ndi pamene pamachokera kutopa kwanu.

Chichewa chathu chimatithandizanso pano, chifukwa tili ndi mawu awiri. Baibulo lina timati Lopatulika, lina Loyera. Kupatula ndi kuika chinthu pambali kuti chikhale cha wina. Tikapu ta mgonero tidagulidwa m'sitolo ngati tinzake, koma tsiku limene tidaikidwa pambali tidaleka kukhala tomwera chilichonse. Kuyera ndi kutsukika. Paulo polembera Akorinto, anthu ogawikana, osumirana kumabwalo, ena oledzera pa mgonero penipeni, adayamba ndi kuwatchula oyeretsedwa mwa Khristu Yesu. Sadali kuwanyengerera. Adali opatulidwa kale, ndipo kalata yonseyo ikuwauza kuti atsukike chifukwa ndi zotengera za Mfumu. Inunso mudapatulidwa kale. Kutsukika kukupitirira.

Tsopano za chiphunzitso cha mwana wanu. Ndime zimene amagwira ndi zoona. Aroma 8:1 akunenadi kuti palibe kutsutsika kwa iwo amene ali mwa Khristu Yesu, ndipo mawu akuti "pansi pa chisomo" adawatenga pa Aroma 6:14. Koma ndime imeneyo imayamba ndi kunena kuti uchimo sudzachita ufumu pa inu. Kukhala pansi pa chisomo, kwa Paulo, ndi chifukwa chimene tchimo lalekera kukhala bwana wako. Munthu akagwiritsa ntchito mawu omwewo kuti apitirize kutumikira bwana wakaleyo, waitembenuza ndimeyo chadodolido. Zakuti kulapa n'kunyoza mtanda ndiye ndikuzikana kwathunthu. Yesu mwini adaphunzitsa ophunzira ake, anthu omutsata kale, kupemphera kuti "mutikhululukire mangawa athu." Yohane adalembera okhulupirira kuti tikati tilibe uchimo tidzinyenga tokha, koma tikavomereza machimo athu Iye ali wokhulupirika ndi wolungama kutikhululukira ndi kutisambitsa. Usiku wa mgonero Yesu adauza Petro kuti amene wasamba safunika kusambanso thupi lonse, koma mapazi okha. Aliyense amene adayendapo wapansi kuchoka ku Mpondabwino kufika ku Sadzi mu Okutobala akudziwa tanthauzo lake. Udasamba m'mawa, ndiwe wosamba, koma fumbi la pamsewu lili kumapazi. Kulapa kwa Mkhristu ndi kutambasulira Ambuye mapazi. Petro atakana kusambitsidwa mapazi, Yesu adamuuza kuti akapanda kumusambitsa alibe gawo ndi Iye.

Chiphunzitso chimenechi si chatsopano, ngakhale chimabwera pa WhatsApp ndi pa wailesi ngati vumbulutso la dzulo. Kalata ya Yuda, ndime 4, idachenjeza kale za anthu osandutsa chisomo cha Mulungu chilolezo cha zonyansa. Mbusa wa ku Germany, Dietrich Bonhoeffer, mu 1937 adachitcha chisomo chotchipa: kulalikira chikhululukiro popanda kulapa. Iye adanyongedwa ndi boma la Hitler mu Epulo 1945, choncho ankadziwa zimene ankanena. Kwa ife chisomo n'chaulere, koma Mwana wa Mulungu chidamudyera moyo. Chinthu chotere suchiponda ndi nsapato.

Koma ndikufuna ndikhalitse pang'ono pa funso lakuti kuyerako n'chiyani, chifukwa pamenepa ife abusa tili ndi mlandu. Tidakuchepetsa. Kwa zaka zambiri tidaphunzitsa ngati kuyera ndi kusamwa mowa, kusasuta, kusavala thalauzi ndi kusatenga mimba usanakwatiwe, zinthu zooneka ndi maso zimene bwalo la akulu a mpingo lingathe kuzigwira. Munthu amatha kukwaniritsa zonsezi n'kukhalabe wankhanza kwa wantchito wake, wamiseche, wolandira ziphuphu ku ofesi, wolanda katundu wa mkazi wamasiye maliro asanathe. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Achinyamata amaziona zimenezi, ndipo wina akabwera n'kuwauza kuti zonsezo ndi chilamulo, amamuthamangira.

Tsegulani Levitiko 19, mutu umene muli mawu akuti mukhale oyera pakuti Ine Yehova Mulungu wanu ndine woyera, amene Petro adawabwereza m'kalata yake yoyamba. Werengani zimene zikutsatira. Pokolola usamalize m'mphepete mwa munda, usiyire osauka ndi alendo zokunkha. Malipiro a waganyu asagone kwa iwe mpaka m'mawa. Usatemberere wogontha, usaike chopunthwitsa patsogolo pa wosaona. Usakondere poweruza mlandu, kaya ndi wosauka kaya ndi wolemera. Usayendeyende ndi miseche. Uimirire pamaso pa waimvi. Ukhale ndi sikelo yoona ndi muyeso woona. Ndipo pakati pa zonsezi ndi pamene pali lamulo lija lakuti uzikonda mnzako monga udzikonda iwe mwini. Kuyera kwa m'Baibulo kuli m'munda, pamsika ndi pabwalo la milandu. Mu Malichi 1992 mabishopu a Chikatolika atalemba kalata yodzudzula kuponderezedwa kwa anthu ndi malipiro osalungama, ophunzira a ku Chancellor College adayenda m'misewu ya Zomba muno kuwachirikiza, pa nthawi imene kutero kunkatha kukutsekeretsa. Kumenekonso kudali kuyera.

Kwa inu, mayi, zikutanthauza kuti malo oyamba a chiyero chanu ndi pa benchi lanu. Mbale yoyezera isakhale yobenda pansi. Ndowa imene mumagulira kwa alimi a ku Domasi ikhale yofanana ndi imene mungalole kuti wina akugulireni nayo. Faya akhale faya, osasakaniza ndi wina n'kumutchulabe dzina lomwelo. Mnyamata wonyamula matumba alandire zake tsiku lomwelo, ngakhale malonda atavuta. Mnzanu wa benchi loyandikana uja akamagulitsa kuposa inu, pakamwa panu pasatuluke mawu akuti ali ndi zitsamba. Ndikukhulupirira kuti zambiri mwa izi mumachita kale, mwina zaka makumi awiri, osadziwa kuti ndi chisomo chikugwira ntchito mwa inu. Mwakhala mukuyang'ana tchimo limodzi lakale, osaona zipatso zimene Mulungu wakhala akubereketsa.

Izi sizikutanthauza kuti nkhani ya mwana wanu ndi yaing'ono. 1 Atesalonika 4:3 akunena mosapsatira kuti chifuniro cha Mulungu ndi chiyeretso chanu, kuti mudzipatule ku dama, ndipo ndime zotsatira zikuchenjeza kuti wina asamulakwire mnzake pa nkhani imeneyi. Mtsikana wa ku Chikanda uja ndi mwana wa munthu. Makolo ake adagulitsa mbewu kapena mbuzi kuti aphunzire. Palibe ankhoswe, palibe lonjezo pamaso pa anthu, palibe chomugwira mnyamatayo zinthu zikavuta. Mimba ikabwera, amene asiye sukulu ndi kunyamula manyazi ndani? Inu yankho mukulidziwa kuposa ine. Mwana wanu akuganiza kuti funso ndi lakuti kodi Mulungu amulanga kapena ayi. Funso limene chisomo chimafunsa ndi lakuti kodi mtsikanayo akumukonda monga adzikonda yekha.

Nanga kuyeraku kumakula bwanji, ngati si mphamvu zathu? Afilipi 2:12-13 amaika zonse ziwiri pamodzi: gwirani ntchito ya chipulumutso chanu ndi mantha ndi kunthunthumira, pakuti ndi Mulungu amene akuchita mwa inu kufuna ndi kuchita komwe. Mlimi wa mpunga amafesa nazale, amawokera ali chiweramire m'matope, amapalira, amaingitsa mbalame. Palibe anganene kuti sagwira ntchito. Koma madzi a m'ngalande sadawalenge, ndipo chaka chimene mitsinje yaphwa, monga mu 1995 pamene nyanja ya Chilwa idauma, khama lake lonse silibereka ngala imodzi. Ntchito yathu ndi kutsegula ngalande: kumva Mawu, kupemphera, kudya mgonero, kukhala pakati pa abale amene angatitsine khutu, kuvomereza tchimo msanga ndi kubweza chimene tidalanda. John Wesley, amene adayambitsa mpingo wa Amethodisti, ankakhulupirira kuti Mkhristu atha kufika pa chikondi changwiro akadali moyo, ndipo mipingo ya chiyero idatengera kwa iye. Ine, monga ambiri a mpingo wathu, ndimaona kuti nkhondoyi imatha tsiku la imfa. Koma ndimamulemekeza Wesley chifukwa sadalole kuti Mkhristu agone pansi n'kumati "ndi mmene ndilili." Pa zaka zanga za ubusa ndaona zidakwa zikusiya mowa, amuna omenya akazi akusanduka ofatsa, ndipo m'ndende ndakumana ndi anthu opalamula milandu yoopsa amene nkhope zawo zidasinthika. Ambiri mwa iwo sizidachitike usiku umodzi. Adagwa, adadzuka, adagwanso, koma kumene adalunjika kudasintha.

Ndibwerere kwa inu ndi mgonero. Mumpingo wina kumene ndidatumikira ndili wamng'ono, ndidakhala nawo pa bwalo limene lidadula mtsikana woyembekezera. Mwamuna wopereka mimbayo sadaitanidwe n'komwe, ndipo ine ndidakhala chete. Mpaka lero zimandiwawa. Chilango cha mpingo chili ndi malo ake, koma cholinga chake ndi kubweza munthu mofatsa, monga Agalatiya 6:1 anenera. Paulo adauza Akorinto za munthu amene adalangidwa kuti chilangocho chakwanira, tsopano amukhululukire ndi kumutonthoza, kuti angamizidwe ndi chisoni chochuluka. Ife nthawi zambiri timadziwa kudula, kutonthozako timaiwala. Dzina limabwerera m'kaundula koma munthu amatsala panja mumtima mwake. Ngati zidatero ndi inu, mpingo udakulakwirani, ndipo ine monga mbusa ndikupepesa.

Mwina mumaopa mawu a pa 1 Akorinto 11 onena za kudya ndi kumwa kosayenera. Werengani mutu wonsewo. Vuto la ku Korinto lidali lakuti olemera ankadya n'kukhuta, ena mpaka kuledzera, osauka akuyang'ana ndi njala. Paulo akudzudzula kadyedwe konyoza abale. Sakunena kuti amene adachimwapo asayandikire, chifukwa zikadatero gomelo likadakhala lopanda munthu, kuyambira woligawa. Kudziyesa kumene akulamula ndi kudzifunsa ngati pali tchimo limene ndikulifungatira lero osafuna kulisiya, kapena m'bale amene ndikumupondereza. Tchimo limene mudalapa zaka makumi awiri zapitazo silili m'gulu limenelo. Mgonero ukubwerawu mukadye. Mtima ukagunda, uuzeni kuti mwaitanidwa ndi Mwini gome.

Za mwana wanu ndili ndi pempho limodzi. Musayambe ndi ndime, ngakhale ndakupatsani zambiri. Taganizani zimene wakhala akuona chibadwire. Iye ndiye mimba ija. Wakula akuona mayi ake akunjenjemera mgonero ukayandikira, ndipo mwina adamvapo anthu akunong'ona za kubadwa kwake. N'kutheka kuti mumtima mwake adatsimikiza kuti Mulungu wa amayi ake sakhululuka, ndipo iye mwini ndi chizindikiro cha mlandu wosatha. Munthu wotere akamva mlaliki wonena kuti palibenso mlandu, palibenso kulapa, amamwa mawuwo ngati waludzu. Sindikumuikira kumbuyo, koma ndikuganiza kuti chimene akuthawa ndi mantha anu.

Choncho muitaneni tsiku lina, mumuphikire, ndipo mumuuze nkhani yonse imene mwina simudamuuzepo: mmene zidakhalira, amene adakusiyani, amene adakugwirani dzanja, zimene kukhala nokha ndi mimba kudakuchitirani. Mumuuze kuti tchimo lidalipo ndipo mudalapa, koma iye sadali tchimo, adali mphatso. Mumuuze kuti pa nkhani ya ulere wa chipulumutso iye adaona chimene inu mudachedwa kuchiona, ndipo mukuthokoza. Mukatero mudzakhala ndi malo omufunsa za mtsikanayo, dzina lake, kwawo, ndi ngati ali wokonzeka kutuma amalume ake kukaonekera kwa makolo ake, kapena kupatukana mpaka atamaliza sukulu. Mwina sayankha tsiku lomwelo. Monica adadikira zaka zambiri. Ngati angalole, mubwere naye tidzakhale pansi atatu, ndipo abwere ndi Baibulo lake ndi ndime zonse zimene adaphunzitsidwa ku feloshipu, tidzaziwerenge imodziimodzi pamodzi ndi ndime zoyandikana nazo.